Atate ayamba kugawa zinthu zawo

Amayi, kodi kumeneko mukuswera bwanji? Ndine Esinati wanu yemwe uja, wa pakamwa posatseka. Ndakhala pakhonde la nyumba yanu kuno ku Dambwa, cholembera chikuterera m'manja chifukwa cha thukuta. Okutobala wa kuno mukumudziwa, koma wa chaka chino wanyanya. Mvula inatinamiza, kamunda kanu ka kuseri kwa njanji kanatipatsa chimanga chongokwana kuotcha. Ku mathithi a Mosi-oa-Tunya nako madzi aphwa, mbali yathu ino kwatsala mwala wokhawokha, ndipo utsi wa madzi uja tinkauona tikamatsika msewu waukulu wa m'tauni sukuonekanso.

Ndiyambe ndi zabwino, paja munkati mlendo samulandira ndi maliro pakhomo. Mkazi wa mlongo wanga Mabvuto, Mutinta, anachira bwinobwino, mwana wamkazi. Tamupatsa dzina lanu. Amayi, kamwanako kamakwinya nkhope ndendende ngati inu mukamva kuti ndiwo zapsereza! Akwawo kwa Mutinta anachoka ku Mukuni ndi nkhuku ndi chigubu cha chibwantu, thobwa la kwawo lija, tinamwa mpaka mimba kuti ndii. Mabvuto akadali kugulitsa ziboliboli ku mathithi, ndipo ndevu wasunga, akuti azungu amakhulupirira wosema wandevu. Bana Chipo, amake Chipo aja a nyumba yoyandikana nafe, sefa yanu sanabwezebe. Ndikawafunsa amati akukumbukirani nayo.

Tsopano khalani pansi, chifukwa chimene ndalembera kalatayi ndi atate.

Titakuikani m'manda, sipanapite nthawi fakitale ya nsalu ija inatsekedwa. Atate, amene anakonza makina a mmenemo kuyambira ine ndisanabadwe, anabwera kunyumba masana ndi bokosi lawo la masipanala paphewa, analiika pansi pa bedi, nawonso n'kugona. Anagona, Amayi. Miyezi inatha makatani ali otseka. Kusamba mpaka titachita kuwapempha, chakudya ankangochitembenuza ndi chala. A kumpingo akabwera ankawayankha ali chotembenukira kukhoma. Ine matendawa ndinawadziwa msanga, ndi omwe ndimaona tsiku ndi tsiku, koma nditangotchula za mankhwala anandiuza kuti iwo si wofunta, ndichotse zakuntchito kwanga m'nyumba mwawo.

Ntchito yangayi nanunso simunaikonde poyamba, musakane. Munati, "Unamwino ulipo wa ana, ulipo wa azimayi oyembekezera, nanga iwe wasankha kwa ofunta, wakulodza ndani?" Ndikaweruka munkandiuza ndiyambe ndasamba ndisanagwire mapoto anu, ngati misala imamata pa zovala. Koma ndi inu nomwe amene pambuyo pake munkabwera ndi azimayi anzanu cha kukhomo lakuseri, mukunong'ona kuti, "Esinati, tamumvera mnzangayu, mwana wake sakugona." Ndikakumbukira zimenezo ndimaseka ndekha.

Mwezi wathawu atate anadzuka. Ndinabwera kuchokera kuchipatala n'kuwapeza ameta, avala malaya osita, akusesa pabwalo ndi tsache lanu. Anandilonjera akumwetulira. Mutinta analulutira, bana Chipo anasuzumira pampanda n'kuyamba nyimbo yoyamika. Ine ndinaima pageti ndi chikwama changa, osakondwera nawo, ndikungowayang'ana ndi mantha.

Ndikuuzeni chifukwa chake. Kusukulu ku Lusaka tinali ndi mphunzitsi wina wachikulire, woyenda motsimphina, amene ankabwereza chinthu chimodzi mpaka tinatopa naye. Ankati munthu wodwala chisoni akakhala chigonere, alibe mphamvu ngakhale yodzichitira choipa. Tsiku loti tiziopa ndi limene wadzuka mwadzidzidzi, wasamba, akuseka ndi aliyense, pomwe chimene chinamugoneka sichinasinthe. Ankati nthawi zina kupepukidwa kumeneko ndi kwa munthu amene wamaliza kuganiza, watula katundu chifukwa wasankha kuchoka. Ndipo ndinadzazionera ndekha mu wodi mwathu. Bambo wina anatigwira chanza tonse mmodzimmodzi potuluka, akuthokoza ngakhale wokolopa. Mathero ake sindikuuzani. Nanga kwa atate chasintha n'chiyani? Inu simunabwere, geti la fakitale likadali ndi loko.

Ndinadziuza kuti mwina ndi maso anga a kuntchito, ndingoyang'ana kaye. Ndiye ndinayang'ana. Njinga yawo anapatsa mkulu wa mpingo, akuti miyendo yatopa kupalasa. Wailesi ija sankalola ngakhale inu kuisintha siteshoni, anaipatsa Mabvuto. Masipanala, Amayi, masipanala amene ankawapukuta ndi mafuta Loweruka lililonse, anakapatsa makanika wina wa maminibasi amene ngakhale dzina lake sakulidziwa bwino. Anapita kukakhala pansi ndi mwamuna wa bana Chipo, amene sanalankhulane naye chiyambire mkangano wa malire a mpanda uja, n'kugwirana chanza. Jekete lawo la ukwati analichapa, lili pakhoma m'pepala la pulasitiki. Nditawafunsa kuti chaka chino tigule mbewu yanji, anati, "Mudzaone nokha chimene mukonde kudzala."

Chinanso simungakhulupirire. Masiku ano azungu akulipira ndalama kuti adziponye pa mlatho wa sitima uja wa ku mathithi, atamangidwa chingwe m'miyendo. Mukanakhalapo mukanati dziko latha. Atate ayamba kukwera minibasi kupita kwa Mabvuto, amati akukathandiza kupukuta ziboliboli. Akapukuta ziwiri zitatu amanyamuka, kukaima cha kumlathoko manja ali kumbuyo, kumangoyang'ana. Mabvuto anandiuza zimenezi akuseka, akuti ngakhale alonda a kumeneko awazolowera, amawapatsa moni.

Ndinamukokera pambali mlongo wangayo n'kumuuza zimene ndikuona. Ha, anandilusira! Mwana wanu amalankhula cha m'tauni, mukumudziwa. Anati, "Ba sisi, imwe nchito yakuonongani mutu. Munthu akagona ni matenda, akauka ni matenda, manje mufuna bachite bwanji? Mufuna mubatenge ku wodi kwanu, Dambwa yonse izikamba ati ba Phiri bafunta?" Anandiuza kuti ndisiye kulosera zoipa pa atate ake, ngati ine ndinatoledwa pamsewu. Zinandipweteka, ndisaname. Koma ndinakumbukira zomwe munkanena anthu akamanyoza mawu a Tobiasi wa pamsika uja, woyenda ndi zitini m'khosi: wamisala anaona nkhondo. Pamenepo n'kuti a kumpingo atakonza kale zoti Lamlungu kudzakhale mapemphero othokoza kuti a Phiri achira.

Mutu umodzi susenza denga, choncho ndinakauza a Mwiinga. Awa simunawadziwe, anabwera inu mutapita. Ndi a welofeya, ndiwo amayendera odwala athu akatuluka m'chipatala, kuona mmene akukhalira kunyumba ndi mmene abale akuwasungira. Ndi bambo wofatsa, wa nsapato zakutha ndi kuyenda. Safunsa zambiri, amangokhala pampando n'kumamvera, maso akuyenda m'makoma. Anabwera ngati mnzanga wa kuntchito wodzaona khanda. Atate anawalandira ndi tiyi, anacheza za makina, za njanji, za mitengo ya ufa, kuseka konse. Ndikuwaperekeza, ndinkayembekeza kuti andiuza kuti ndikudzivuta chabe. Tinafika pageti, a Mwiinga anavula chipewa n'kupukuta thukuta. Anati, "Ba Sisita, bamudala bakamba vonse va kudala, vakale, koma va mailo, va kutsogolo, sibanakambeko olo chimozi. Ine nine mulendo, sibanganiuze. Bafunseni imwe, osazungulila."

Osazungulira. Ndi zomwe ndimaphunzitsa anamwino atsopano, kuti munthu wotere umamufunsa mwachindunji, ndi mawu ake enieni, ndipo kufunsako sikumupatsa maganizo amene analibe. Ndafunsapo aphunzitsi, apolisi, agogo a imvi kuposa atate, ndikuwayang'ana m'maso osaphethira. Koma atate, Amayi! Ine amene ndinakula osalowa kuchipinda kwawo, amene ndimawapatsa madzi nditagwada, maso ali pansi. Chilichonse chimene tinkafuna kwa iwo chinkadzera mwa inu, kaya ndi nsapato za kusukulu, kaya ndi nkhani ya mwamuna wofuna kundikwatira. Mawu ngati amenewa kwathu satchulidwa n'komwe, akuti ukawatchula waitana. Ndinayenda nawo masiku angapo ndisanawatulutse.

Dzulo masana anandiitana kuseri kwa nyumba. Ndinawapeza atanjuta pafupi ndi bafa, atafukula dothi ndi kakhasu. Anandionetsa kachitsulo kotsekera madzi a nyumba yonse. Anati paipi ikadzaphulika ndidzazungulize chakumanja, pang'onopang'ono chifukwa kanachita dzimbiri, ndipo ndisadzalole pulambala kuti akamenye ndi hamala. Kenaka analoza padenga, pa lata lina lodontha, n'kuyamba kundifotokozera kamatidwe kake. Zinthu zimene moyo wawo wonse sanauzepo munthu, chifukwa zinali zawo. Ndinali nditagwada kale pofuna kuona kachitsuloko, choncho sindinadzuke. Ndinakweza mutu n'kuwayang'ana kumaso, koyamba chibadwire.

Ndinati, "Atate, mundikhululukire. Kodi mukuganiza zodzipha?"

Nkhuku zinkapalasa pafupi nafe, kwa bana Chipo wailesi inkalira. Atate anapukuta manja pa thalauza, chala chimodzi chimodzi. Ndinkadikira mbama, ndipo ndinkaifuna, chifukwa mbama ikanatanthauza kuti ndalakwa. Anati, "Kusukulu kwanu kuja anakuphunzitsa kufunsa atate ako zimenezi?" Ndinati inde. Anagwedeza mutu n'kunena motsitsa kuti, "Anakuphunzitsa bwino."

Ndinalira ngati si namwino, mamina ndi misozi, ndikugwira mwendo wa thalauza lawo. Iwo sanalire. Anandiuza kuti akagona amakulotani mutakhala pamphasa, mbali ina mutasiya malo, ndipo mukuwayang'ana osalankhula. Anati kuno ntchito yawo yatha, makina anatha, ana takula, mdzukulu amuona. Anati, "Amayi ako ali okha kumeneko, ndipo paja sakonda kudikira."

Nditatha kulira ndinachita zimene ndinaphunzira. Ndinawauza kuti zimenezi sindibisa, ndipo sindiwasiya okha. Ndinati chimene chikuwalankhula ndi matenda, ndipo ndaona anthu amene anafika pomwe afika iwopa akubwerera, lero akulima, akulera zidzukulu. Ndinawapempha kuti Lolemba akaonane ndi dokotala. A Mwiinga akonza kuti akalowere khomo la odwala onse, osati la ku wodi kwathu, kuti Dambwa isapeze chokamba. Atate anangoti, "Tiona." Ndinawakakamiza kuti andilonjeze kuti sadzichitira choipa. Anakwirira dothi lija bwinobwino, n'kulipondaponda ndi phazi, kenaka anati sabata ino sapita kulikonse. Sabata ino, Amayi. Kuposa apo anakana.

Mabvuto ndamuuza mawu awo onse. Anakhala pamwala n'kugwira mutu, ndipo wailesi ija waibweza m'mawa uno, waiika pamalo pake. Tagwirizana kuti atate asapitenso ku mathithi. Ine ndatenga tchuthi, ndasamukira kuno, ndikugona pabalaza pafupi ndi khomo. Atate andikwiyira. Lero adya atandifulatira, ndipo akafuna chinthu akutuma Mutinta. Zimenezo ndazilandira, andide mmene angafunire. Mapemphero a Lamlungu tawasiya kuti achitike, koma ndidzakhala pambali pawo ngakhale kuli mbali ya azibambo, anene amene anene. Pamene ndikulemba pano ali m'nyumba, akusita malaya awo onse, ngakhale a ntchito aja, uku akuimba mluzu. Mluzuwo ndi umene ukundiopsa kuposa kugona kwawo konse kuja.

Ndiye ndabwera kwa inu, chifukwa munthu amene atate ankamumvera ndi inu nokha. Ine ndikudziwa kuti maloto ndi mutu wa munthu, ndi zomwe ndimauza odwala anga. Koma lero ndalemba ngati mwana wanu, osati ngati Sisita. Ngati ndi inudi amene mumabwera, Amayi, chonde pindani mphasayo. Musawasiyire malo. Muwakwinyire nkhope, muwakalipire monga munkachitira akafuna kunyamuka ulendo mvula ili pamutu, muwauze kuti kumeneko sakufunika. Ndikudziwa kuti mwawasowa, nafenso takusowani koopsa, koma tatisiyireni awa. Mudikire, ngakhale simukonda.

Ine ndikukulonjezani kuti Lolemba ndikawafikitsa kwa dokotala, kaya andilankhula kaya ayi. Sabata anandipatsayi ikatha ndidzagwadanso n'kupempha ina, ikatha imeneyo ndidzapemphanso ina. Tsiku lawo likadzafika lokha, ndidzawaveka jekete lija ndi manja anga n'kuwatumiza kwa inu mwaulemu. Koma osati chonchi, Amayi.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati