Amuna anga akufuna ndikachitire umboni tsamba lawo Loweruka

Aphungu,

Sabata yonse ino tulo sindikutiona, ndipo chondisowetsa tulocho ndi bodza langa lomwe. Ndine mayi wopemphera, ndimaimba kwaya, koma masiku ano ndikagwada mawu akumandithera pakamwa.

Ine ndine telala. Shopu yanga ndi kachipinda kamodzi kuseri kwa sitolo ya zitsulo, muli makina awiri ndi galasi long'aluka pakona. Amuna anga ankaphunzitsa makompyuta. Chaka chatha anatsegula tsamba la pa intaneti loti munthu akafuna mmisiri, kaya kalipentala, womanga kapena wamagetsi, azimupeza pomwepo. Mmisiri amalipira mwezi ndi mwezi kuti dzina lake likhalepo. Amisiriwo anawayendera okha wapansi, mmodzimmodzi, mpaka nsapato kutha zidendene. Pano mayina alipo khumi ndi anayi. Loyamba ndi langa.

Miyezi yonseyi palibe kasitomala ndi mmodzi yemwe amene anandipeza kudzera pamenepo. Ndiye tsiku lina mpopi wa kubafa unaphulika amuna anga atachokapo. Ndinayang'ana patsamba lawo, wokonza mipopi panalibe. Ndinangolemba pa malo ofufuzira aulere aja, omwe aliyense ali nawo m'foni, ndipo anatuluka asanu ndi awiri. Amuna anga pobwera anandifunsa kuti, "Mmisiri ameneyu mwamutola kuti, abwana?" Ine ndinati, "Wandilozera mnzanga wa kukwaya." Bodza loyamba linali limenelo.

Wokonza mipopi yemweyo ndiye anandionetsa mmene ndingalembetsere shopu yanga kwaulereko. Ndinaikako nambala yanga ndi zithunzi za madiresi atatu. Aphungu, chiyambire mwezi umenewo foni siikupuma. Mayunifolomu a sukulu, makatani, madiresi a ukwati, mpaka ndalemba mayi wina woti azindithandiza kupinda ndi kusita.

Tsono amuna anga akuganiza kuti ndi tsamba lawo. Akalowa m'shopu n'kuona nsalu zaunjikana, amawomba m'manja: "Mwaona, abwana? Si paja munkati ndikungotha nsapato? Telala wotchuka, mwamuna wake ndine!" Nkhope yawo imawala moti ine ndimangomwetulira, mapini ali kukamwa. Loweruka likubwerali amisiri a m'dera lathu ali ndi msonkhano ku holo, ndipo amuna anga apempha mpata wolankhula. Akufuna ine ndikaimirire n'kuchitira umboni kuti enanso alembetse. Andisoketsa kale malaya atsopano oti akavale.

Ndikanena zoona, ndimuswa mtima munthu amene sanandilakwirepo. Ndikanama, anzanga ovutika ngati ine ndemwe alipira chinthu chosawapindulira, ndipo Mulungu akundiona. Komanso sindikumvetsa, chaulere chingapose bwanji cholipira? Chonde ndiyankheni Lachinayi lisanadutse.

E. M., telala

Mayi E. M.,

Pumani kaye, simunaphe munthu. Mumawakonda amuna anu mpaka kuopa kuwauza zoona, basi. Koma bodzalo lakula tsopano, likufuna kutuluka m'shopu kukalankhula pagulu, ndiye tiyenera kuligwira msanga.

Funso lanu lomaliza mwaliyankha kale nokha. Madzi akusefukira m'bafa muja, kodi munafunsa kuti ndani walipira? Munkafuna wokonza mipopi, ndipo munapita kumene anali. Munthu aliyense wofufuza amatero. Pakhomo pakakhala wotolera ndalama, amisiri amalowa ochepa. Wofufuza akabwera n'kusapeza amene akumufuna, sabweranso, ndipo ofufuza akasowa, mmisiri alipiriranji? Kwaulere kuja mayina ambiri amakoka anthu, anthuwo amakokanso mayina ena, eni ake n'kumadyera pa otsatsa malonda amene amatsata chikhamucho. Palinso ichi: mndandanda wolipira umangoonetsa amene ali ndi ndalama, sunena amene amaidziwa ntchito. Anthu zimenezi amazinunkhiza.

Tsono chitani izi. Auzeni amuna anu zoona lero kapena mawa, osadikira Lachisanu, kuti apeze nthawi yokwiya ndi yoganiza. Aitanireni ku shopu masana, mayi wokuthandizaniyo apite kaye kukagula ulusi, mutseke chitseko. Yambani ndi nkhani ya mpopi. Pepesani chifukwa chonama, koma musapepese chifukwa cholembetsa shopu yanu, pamenepo simunalakwe. Kenako apatseni foni awerenge okha mauthenga a makasitomala, aone kumene anakupezani. Munthu wophunzitsa makompyuta satsutsana ndi zimene zili pagalasi la foni.

Akatha kuusa moyo, akumbutseni chuma chimene ali nacho. Amisiri aja amawadziwa maso ndi maso. Analowa m'mashedi mwawo, anaona zitseko zimene kalipentala amakhoma, akudziwa wamagetsi amene amafika pa nthawi yake. Makina ofufuzira aja sanapondemo m'shedi mwa munthu. Atsegule tsamba lawo kuti mmisiri aliyense alowe ulere, iwo azilembapo zimene aona ndi maso awo. Anthu akazolowera kubwera, m'pamene angayambe kulipiritsa zina zapadera, monga kujambula zithunzi zabwino za ntchito kapena malo otsatsira malonda, olembedwa poyera kuti awa alipira. Sindikulonjeza kuti alemera nazo. Koma Loweruka angathe kukaimirira n'kunena kuti, "Lembetsani nonse, osalipira," inu muli pambali pawo ndi mtima woyera.

Mwina akhala masiku awiri osakutchulani abwana. Pirirani, ndipo mawu oti "ndinkadziwa" muwameze, ngakhale afike pamlomo.

Koma akaumirira kuti mukanene zimene anakonza poyamba, kanani mwaulemu, kananitsitsani. M'holomo mukhala mmisiri wina wochenjera amene angolemba dzina la shopu yanu m'foni mwake inu muli chilankhulire, aone kumene likutulukira, n'kumugwedeza mnzake. Zoonazi amuna anu azimva ndithu, mwana wanga. Bola azimve kwa inu chitseko chili chotseka, kusiyana n'kukazimva kwa anthu akuseka.

Aphungu