Ana Amene Sitinawaike Pamzere Woyeza Maso

Msonkhano wa komiti ya makolo ndi aphunzitsi, Lachinayi pa 14 Malichi, m'kalasi ya ana ochedwa kukula.

Analipo: Wapampando, Mlembi, Aphunzitsi a kalasiyi, Atelala ndi Mayi a mapasa (makolo), Anamwino a maso (mlendo).
Sanabwere: Wachiwiri kwa wapampando. Sanatumize uthenga.

1. Wapampando anatsegula msonkhano nthawi ya 2 koloko masana.

2. Anamwino anati anayeza ana 14 pogwiritsa ntchito tochi ndi zithunzi, popeza anawa sadziwa zilembo. Asanu akufunika magalasi. Mwana wamkazi wa Atelala, wa zaka zisanu ndi zinayi, saona bwino chinthu chopitirira pamene pafika mkono wake.

3. Anamwino anafunsa chifukwa chake anawa sanabwere pamzere chaka chatha pamene iwo ankayeza sukulu yonse. Wapampando anapempha Mlembi kuti awerenge zimene komiti inagwirizana nthawi imeneyo. Mlembi anawerenga: "A kalasi yapadera asapite, angokachedwetsa anzawo." Anapereka ganizoli ndi Wapampando. Anavomereza ndi Atelala. Mlembi nayenso anakweza dzanja tsikulo.

4. Atelala anapempha kuyankhula ali chikhalire. Anati kwa zaka zitatu akhala akumukalipira mwanayo kuti ndi wamwano, chifukwa ankagunda makina osokera ndi kutaya mabatani. "Dzulo Anamwino atamuveka magalasi oyesera, anatola singano pansi n'kundipatsa. Akuti, 'Ababa, mungaponde.'" Aphunzitsi anavomera kuti mwanayo ankamukhazika kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko. Msonkhano unaima kwa mphindi zisanu.

5. Komiti inagwirizana kuti ana a kalasiyi aziyamba ndiwo kuyezedwa chaka chilichonse, ndiponso kuti asanuwo akhale kutsogolo kuyambira mawa.

6. Zina ndi zina. Wapampando anati akufuna kutula pansi udindo. Mayi a mapasa anakana. Anati, "Kuchoka n'kosavuta, bambo. Khalani pompo. Lolemba mutiperekeze kuchipatala kukatenga magalasi a anawa, mukaime nafe pamzere, muone mmene ana athuwa amachedwetsera anthu." Wapampando anafunsa nthawi yonyamukira. Anauzidwa kuti 6 koloko m'mawa, ndipo anailemba pachikhatho.

7. Msonkhano wotsatira udzachitika pa 11 Epulo. Uwu unatha nthawi ya 3:40.

Wapampando: ______________
Mlembi: ______________