Mlendo Wodya Ntchentche

Lolemba, 6 Novembala

Yayamba kujambula? Kaya. Mdzukulu wanga wa ku koleji uja wandisiyira foni kuti ndizilankhulamo, poti kulemba ine sindinaphunzire. Wandisiyiranso chomera chake m'kachitini, iye wapita kutali ndi za sukulu. Masamba ake ngati pakamwa, mano okhaokha. Ati chimadya ntchentche. Chibadwire ine ndimadziwa kuti nyama ndiyo imadya masamba. "Agogo, madzi amvula okha. Manyowa ayi." Malamulo kuposa malemu amuna anga.

Lachinayi, 9 Novembala

Sichinadye. Ntchentche m'nyumba mwanga ichokera kuti, ine wokolopa m'mawa ndi madzulo? Koma mlendo kugona ndi njala, manyazi. Ndachipatsa kanyama kokazinga. Chatseka pakamwa, zikomo palibe.

Mwana wanga wabweranso ndi nkhani yake ija, ndisiye chipinda chino ndikakhale kwawo. "Amayi, nokha simungathenso." Ndingathe. Bambo ake anatsirizikira muno. Sindichoka.

Lamulungu, 12 Novembala

Tsamba lodya nyama lija lada bii, laola. Mpongozi, mkazi wa mwana wangayo, waliona. Maso ake anena. Chikafa ichi adzati nkhalamba yalephera ndi tsamba lomwe.

Lachitatu, 15 Novembala

Kubutchala ndi kabotolo. Ine, munthu wa imvi, kupirikitsa ntchentche kuseri kwa butchala. Wogulitsa nyama uja ati, "Amayi, za ndiwo? Bwerani tikuyezereni pasikelo." Mwana wopanda mwambo.

Ndagwirako zingapo. Yakufa chikukana, chikufuna yophupha. Ufumu wake! Bondo likuwawa.

Lachisanu, 17 Novembala

Wabutchala uja pakamwa ngati wailesi. Nkhani yafika kwa mwana wanga kuti mayi ake mutu wasokonekera. Abwera mawa ndi galimoto, ati ndimange katundu. Mpongozi wagula kale mphika waukulu wa maluwa, dothi lakuda lachonde. "Nachonso chikapume, amayi." Kupuma. Ndani wawauza kuti tatopa?

Loweruka, 18 Novembala

Mdzukulu waimba foni m'mawa. Za nyama ija wandikalipira, ndalola. Za mphikawo wachita kukuwa. Ati m'dothi lachonde chimafa, chinazolowera posauka, chakudya chimadzipezera chokha. Ndati zimenezo uwauze abambo ako, pang'onopang'ono, zilowe.

Katundu sindinamange. Zenera ndasiya pululu, mbale yosatsuka patebulo, koyamba chikwatiwire. Amuna anga akanaona akanadzuka. Ntchentche yalowa, yazungulira, yatera patsamba. Chomera chija khapu! Chokha, popanda kabotolo. Pakati pakutulukanso katsamba kena, mano ake ang'onoang'ono.

Galimoto yaima panja, ndikumva mawu a mpongozi. Ndakhala pampando wanga, chitini pamwendo. Agogode kaye.