Nkhope ya Nankafumbwe

Lachisanu, Julaye 1997. Kwazizira, koma ine thupi lonse likutentha.

Zithunzi za nankafumbwe wathu zabwera kuchokera kotsukitsa ku Lilongwe. Nditaziona ndinafuna kulira. Kalabu yathu ya sayansi inali ndi filimu imodzi yokha, ndipo ndine ndinkapotokola maikulosikopu pang'onopang'ono a Bulaza, aphunzitsi athu a sayansi, akujambula. Chithunzi china chaoneka bwino diso lokha, china miyendo yokha, kwinako mbuu.

"Ndawononga filimu, a Bulaza."

"Sunawononge, Tamala. Tenga lezala."

Tinadula poonekera bwino pokhapokha n'kumata pamodzi ndi guluu. Mayo ine, chinyama chathunthu! Chitamba ngati cha njovu, msana wa timaenjemaenje, mpaka ubweya.

Kunyumba amayi anandituma kupeta chimanga. Ndinangoima ndi lichero m'manja, kuyang'ana tinjovuto tikuyenda, mpaka amayi anafunsa ngati ndadwala...