Mpeni Wopanda Mabowo

Loweruka, 7 Juni

Loweruka lina popanda munthu. Ndasesa m'shedi monga mwa masiku onse, ndayala mabenchi, kenako ndadzifunsa kuti ndikuyalira yani. Ndawaimikanso kukhoma.

Zaka zonsezi Loweruka linali la kuno. Ometa ndi nthabwala zawo. Amakaniko ndi zidutswa za masipuling'i m'thumba. Alamu anga ndi timatabwa tawo ta zogwirira. Aliyense kusula mpeni wake, osati wogulitsa ayi, wongokonda basi. Kukangana za zitsulo mpaka kukhosi kuuma. Koma kulimbitsa kunali kwa ine ndekha. Chitseko chitsekedwe, mukhale mdima, ndiyang'ane mtundu wa chitsulo pamakala, ukafika ndiviike mu oyilo. Nthawi imeneyo palibe ankayankhula. Ngakhale Ometa.

Lero onse ali ku galaja ya Amakaniko. Kuli makina onolera a lamba, kuli moto wa gasi. Apite. Makina sindilimbana nawo.

Chikundidya ine ndi mawu a alamu. Tsiku lija mpeni wa Ometa unatuluka wofewa, tupa n'kumauluma ngati sopo, iwo pamaso pa onse: "Musawavutitse alamu angawa, maso anapita." Anthu anaseka. Inenso ndinaseka, nanga ndikanatani. Mlongo wake wa malemu mkazi wanga, munthu amene ndadyera naye mbale imodzi kuyambira tili anyamata.

Chitsulo chija chinali chachabechabe, Ometa anangochitola pamtaya. Zimenezo palibe anafunsa.

Ku galajako sindipondako mpaka alamu abwere adzanene kuti analakwa.

Lolemba, 9 Juni

Ndaganiza. Ndipanga mpeni ndekha, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndikauika patebulo lawo osanena kanthu. Atenge tupa ayese okha, aone ngati maso anapitadi.

Ndasankha tupa yakale yaikulu, mano anatha koma chitsulo chake n'cha kale, chosanama. Ndaifiiritsa n'kuikwirira m'phulusa kuti ifewe. Igone momwemo.

Makala akweranso mtengo. Thumba laling'ono, pansi fumbi lokhalokha.

Mwana wanga anadutsa masana ndi mankhwala a mawondo. Waima pakhomo, dzanja pamphuno. "Ababa, utsi umenewu udzakuphani. Amalume akumakufunsanitu." Ndati njira ya kuno amalume akowo amaidziwa, sinasamuke.

Lachinayi, 12 Juni

Kusula. Mkono sukufunanso. Ndikamenya pang'ono, kupuma, kumenya, kupuma. Kale alamu ankapukusa mvukuto ine ndikumenya. Tsopano ndipukuse ndekha, ndithamangire mbaniro, pofika pa njanji chitsulo chayamba kale kuda.

Njanji yanga koma. Chidutswa chomwechi ndasulirapo moyo wanga wonse, pakati pake panachita kulowa ngati mpando wa munthu wonenepa. Amakaniko anafuna kuti aisalaze ndi makina. Ndinakana.

Mpini wa nyundo wagwedera. Ndauviika m'madzi.

Mpeni wayamba kuoneka. Wamimba pang'ono, nsonga yogwera pansi. Ometa akanati wafanana ndi mwini wake. Ndinatsala pang'ono kuwayankha, pomwe palibepo.

Mayi a nyumba yoyandikana nayo anasuzumira pampanda, akuti mwana akugona. Ndasiya.

Loweruka, 14 Juni

Ometa anadutsa pochokera ku galaja. Akuti amangodutsa. Njira ya kwawo sidzera kuno.

Mkono wawo wakumanzere uli see, ubweya palibe mpaka m'chigongono. Tonsefe ndife otero, mpeni ukanoledwa timauyesera pamenepo. Koma iwo ndiye anyanya. Ndati sabata yonse kumeta mitu ya eni, Loweruka kudzimeta mkono, lumo silipuma. Akuti: "Wakumanzere watha, achimwene, sabata yamawa ndiyamba mwendo."

Ndinawafunsa kuti kulimbitsa akuchita bwanji. Ndimati anena kuti zikuvuta. Ayi. Akuti Amakaniko anachotsa maginito m'wayilesi yakufa. Chitsulo chikafiira amachigunditsa, maginito akasiya kugwira ndiye kuti chatsala pang'ono, kenako mu oyilo. Panja, masana, dzuwa lili phwee. Ndipo mipeni ikutuluka yolimba.

Ndati zabwino.

Maginito a m'wayilesi. Zaka zanga zonse za mu mdima.

Za alamu sindinafunse. Ometa anena okha kuti amakhala pakona, kupala matabwa awo, sayankhula kwambiri masiku ano. Zawo zimenezo.

Mpeni ndinaubisa pansi pa chiguduli. Ometa pakamwa sipatsekeka.

Lachiwiri, 17 Juni

Kupala ndi tupa tsiku lonse. Mbali iyi, mbali iyo, mpaka zikumane pakati. Makina a lamba akanamaliza tiyi asanazizire. Koma makina sadziwa poleka.

Vayisi yopanira chitsulo ndaikokera pakhomo, m'kati simukuoneka bwino. Zenera lada ndi mwaye. Ndalipukuta. Mwina ndi babu. Diso lakumanzere likuchita ngati muli utsi, ndikatsinzina umachoka pang'ono n'kubweranso. Ndi utsi wa makala womwewo, mwana wanga ananena.

Mzere wa pakati ndaupeza ndi chala. Chala sichinama.

Sukulu ndinalekera panjira, alamu anapitirira pang'ono. Malemu ankati ndikakwiya ndimakhala ngati chitseko chofufuma ndi mvula, osatseguka osatsekeka. Lero ndawakumbuka popanda chifukwa. Kapu yawo ikadali pashelefu, ndimaikamo timisomali ta mkuwa.

Lachinayi, 19 Juni

Watheka.

M'mawa, mphepo isanayambe. Chitseko chotseka, chiguduli pazenera. Oyilo ndinamutenthetsa kaye pang'ono. Mpeni pamakala, msana pansi. Kufiira kwa mdima, kenako kwa phwetekere wakupsa, kenako kuwala kuja kumene kulibe dzina. Mtima unati tsopano. Ndinauviika wonse, ndi mchira wolowa m'chogwirira womwe, monga ndichitira nthawi zonse.

Utsi, kamoto pamwamba pa oyilo. Ndinatchera khutu kudikira kaphokoso kaja koti thi, kamene kamatanthauza kuti wang'aluka. Zii.

Ndinaupukuta, ndinayendetsa tupa. Yangotsetsereka, kulira ngati pagalasi. Ndinayendetsanso kuti ndingomva. Ndiye ndinauika pachitsulo chotentha mpaka unatenga mtundu wa udzu wouma, kuti usakhale wophweka kuthyoka.

Maso anapita. Abwere adzamve.

Ndadya bwino lero.

Lachisanu, 20 Juni

Sindikudziwa ndilembe bwanji.

Ndinadula mwendo wa mpando wakale, mtengo wakuda wolimba, matabwa awiri a chogwirira. Ndinawapala. Ndinatenga timisomali ta mkuwa. Ndinaika thabwa pamchira wa mpeni kuti ndione polowa misomali.

Palibe mabowo.

Mchira uli see. Ndinakhala ndikuuyang'ana ngati mabowo amera okha.

Mabowo amabooledwa chitsulo chikadali chofewa, mwana aliyense angadziwe. Koma ntchito imeneyo sinali yanga. Mpeni uliwonse unkadzera kaye kwa alamu, iwo kulemba timadontho, kuboola, kenako n'kundipatsa. Sindinagwirepo mpeni wopita pamoto wopanda mabowo. Ndinkangoona ngati umabadwa nawo.

Ndayesa choboolera chamanja. Chikungovina pamwamba. Ndakanikiza ndi chifuwa, biti yathyoka. Ina yapsa nsonga. Pamchira palibe ngakhale kachipsera.

Ndinaulimbitsa bwino kwambiri. Ndi zimenezo.

Lolemba, 23 Juni

Loweruka sindinapite.

Ndayesa kukulunga mchira ndi mphira wa chubu. Ukugwirika, koma ukuoneka ngati wosendera mbatata kumsika. Mwana wanga anauona n'kuseka mpaka kugwira khoma. "Ababa, mwaumanga bandeji? Wavulala?" Ndamasula.

Kufewetsa mchira wokha pamakala n'kotheka, koma pamafunika anthu awiri, wina agwire mpeni m'chiguduli chonyowa kuti kutentha kusakwere. Ndekha ndiwononga zonse.

Ndauika pashelefu. Ndautsitsa. Ndauikanso.

Chogwirira kapena ayi, tupa ikalira chimodzimodzi. Funso linali la maso, silinali la matabwa.

Loweruka, 28 Juni

Ndinapita. Ndinavala jekete.

Phokoso la makina kumvekera kumsewu. Nditangolowa Ometa anakuwa: "Tsekani zitseko, zimitsani dzuwa, afika eni mdima!" Amakaniko anazimitsa makina, anandipukutira tayala kuti ndikhalepo. Tiyi m'kapu ya oyilo m'mphepete. Nkhani zake zomwe zija, palibe chasintha. Sipuling'i ya lole ndi ya galimoto yaing'ono yabwino ndi iti. Mwala wonolera uthiridwe madzi kapena oyilo. Amakaniko akuti macheka akale amaposa zonse, Ometa akuti anapangapo mpeni wa macheka unapindika podula buledi. Ndinapeza ndikuyankha nawo ndisanafune.

Alamu pakona. Aonda. Tinapatsana moni wa anthu okumana pabasi.

Ndinamasula nyuzipepala, mpeni ndinauika patebulo. Sindinanene kanthu, monga ndinakonzera.

Amene anautola ndi alamu. Magalasi pamphuno. Anatenga tupa, anatembenukira kuzenera kanthawi, kutipatsa msana. Kenako anabwerera, atautsina kunsonga ndi chala chachikulu, n'kuyendetsa tupa kuchokera kumchira mpaka pakati. Inalira. Galaja yonse inamva.

"Mwamva?" anatero. "Galasi lenileni."

Ometa anati ndiye kuti chawo chija chinalidi chitsulo cha bedi. Amakaniko anagwedeza mutu, akuti maginito awo sanafikepo pamenepo. Ndinamwa tiyi.

Ndiye alamu anautembenuza. "Nanga mabowo, alamu, munawasiya m'phulusa?" Anthu anagwa nako kuseka. Kuseka kwa lero sikunawawe.

Amakaniko anati vuto palibe, mpeni m'madzi, moto wa gasi pamchira, ufewa pompano tiboole. Anatambasula dzanja. Alamu sanapereke. Akuti ayi, wonse ubwerere pamoto, ufewe, aboole iwo, ndiulimbitsenso ine. "Kwawo, mu mdima mwawo. Lachiwiri ndibwera." Amakaniko anati imeneyo ndi ntchito yobwereza popanda chifukwa. Ometa anapempha kuti angouyesako pamkono. Alamu anaukulunga m'nyuzipepala n'kuulowetsa okha m'thumba la jekete langa.

Kupepesa sanapepese. Ndipo akufuna kufafaniza ntchito yabwino chifukwa cha makani. Ndi momwe alili.

Lamlungu, 29 Juni

Zinandivuta kumvetsa. Alamu ndi amakani koma si opusa. Njira ya Amakaniko inali yolondola, iwonso amaidziwa.

Kenako chala chija. Mpeni sagwira choncho poyesa. Amagwira kumchira.

Mpeni ndinatuluka nawo panja, padzuwa. Tupa kumchira, yalira. Pakati, yalira. Ndinaikweza kunsonga.

Yaluma. Tinyenyeswa tachitsulo pachala.

Ndinabwereza mbali inayo. Chimodzimodzi. Kuchokera kunsonga, kutalika kwa chala chonse, wofewa. Nsonga iyenera kuti inatulukira kuseri kwa makala, sinafike. Ine ndinaona kuwala kofanana ponseponse. Ndikulumbira kuti ndinaona choncho. Ndipo tsiku lija tupa sindinafike nayo kumeneko, sindikudziwa chifukwa chake. Kapena ndikudziwa.

Alamu anazipeza pazenera paja, msana uli kwa ife. Akanangoyendetsa tupa mpaka kumapeto, pamaso pa onse, mawu awo aja akanakhala oona. Anaphimba ndi chala.

Mpeni wa Ometa uja. Ayi, zimenezo sindilemba.

Ndinakhala pakhonde mpaka mthunzi unandipeza. Ndinatseka diso lakumanja kuti ndione mpanda. Mpanda ulipo, matabwa ake sakuwerengeka.

Lachiwiri, 1 Julaye

Makala ndagula ena, abwinoko. Mvukuto ndathira oyilo, unkalira. Chiguduli chili pazenera.

Lero tingofewetsa n'kukwirira m'phulusa. Mawa alamu aboole. Kulimbitsa mwina Lachisanu. Ndiye kuti abwera katatu, ndi mawondo awo ovutawo, kukwera chitunda chonsechi.

Ndiwauze kuti ndadziwa? Ndikanena, ayamba kukana, ine ndiyamba kukwiya, tiwononga tsiku. Ndaganiza kuti Lachisanu ndidzawaimika kumanzere kwanga, pafupi ndi moto. Sindidzanena chifukwa. Iwonso sadzafunsa. Mbaniro m'manja mwanga, oyilo wanga, shedi yanga. Akadzatsokomola, ndidzaviika.

Koma za pamaso pa anthu zija sindinazisiye ayi. Zinali zoona, inde, koma pali kanenedwe kake. Akafika ndiyamba ndi zimenezo, asanakhale n'komwe pansi, ndiwauza kuti

Geti lalira. Tiyi sindinatereke.