Kutsuka Kwake Si Kumeneko

Amake mwana,

Musandifunefune, ndathamangira kudepoti. Dzulo nditati filimu ija ikufunika kutsuka, ndimanena zoti wojambula akaitsuke ndi mankhwala m'chipinda chamdima. Ndiye ndaipeza mwaisolola yonse, mwaichapa ndi sopo, ili pachingwe pakati pa masokosi anga! Ukhondo wanu sindiutsutsa ayi, koma filimu ikangoona kuwala, zithunzi zimafera pomwepo.

Pepani, wolakwa ndine, ndinalankhula mwachidule. Ina ija ili m'kabati isasambe, chonde.

M'yochapidwayo munali nkhope ya mkulu wosoka nsapato kudepoti kuja. Sanajambulitsepo chibadwire, ndinamulonjeza chithunzi, ndipo akusamuka masana ano. Ndikamujambulenso asanakwere basi.

Ndikachedwa musadabwe, nkhani ya akazi ake asanu tinalekezera pa wachiwiri.

Nkhalamba yanu yosakhazikika