Mphuno Yobwereka

Lolemba, 10 Meyi 2021

Lero ndafika kudimba osapumira panjira, koyamba chindisiyire kolona mu Febuluwale muja. Befu lilipobe koma layamba ulemu. Yomwe yakana kubwerera ndi mphuno. Sindimva fungo lililonse, ngakhale la utsi. Yangotsala yokongoletsa nkhope.

Lachiwiri, 11 Meyi

Mbewu ya mbatatesi ili m'chipinda chakuseri, matumba asanu ndi limodzi, ikudikira kutulutsa maso kuti tidzale kudimba. Zaka zonsezi woyang'anira ndine. Ndinkangotsegula chitseko n'kudziwa thumba lomwe muli yowola isanapatsire zinzake, mpaka amayi a m'mphakati wathu wa kutchalitchi ankandiitana kukawanunkhizira zawo. Lero ndatsegula, ndakoka mpweya, zii. Ndachita mantha. Mbewuyi ikawola, chaka chino kudimba kulibe chathu.

Amuna anga a Kalisto sindinawauze. Iwo akudziwa kuti ndinachira, basi.

Lachinayi, 13 Meyi

Ndapsereza nyemba ndili pompo. A Kalisto adya zonse, kenako afunsa ngati makala ndiwo mafuta a masiku ano. Ndaulula za mphuno. Akuti anadziwa kalekale, tsiku lomwe ndinasiya kudandaula za nsapato zawo. Ndaseka mpaka kutsokomola.

Loweruka, 15 Meyi

Nkhungu yaphimba phiri mpaka masana. Ndakhuthula matumba awiri, kusankha imodziimodzi ndi manja, befu n'kundigwira. Atsala anayi. Veronika, mkazi wa mwana wanga Mandla, anafuna kundithandiza, ine ndakana. Kunyada, ndikudziwa. Chipinda chimenecho sindinagawanepo ndi munthu.

Lamulungu, 16 Meyi

Kutchalitchi utsi wa lubani ndimangouona ndi maso, koma ndaimba nyimbo yonse osadukiza. Veronika anatuluka pakati pa Misa, akuti kumatentha. Kutentha ku Dedza mwezi wa Meyi?

Lachiwiri, 18 Meyi

Ndagonja, ndamuitana Veronika. Atangofika pakhomo la chipinda anagwira pakamwa n'kuthamangira kuseri. Pobwerera maso ali misozi, anaima patali n'kuloza thumba la pakona.

“Ilo, amayi. Pansi penipeni.”

Ndakhuthula. Zowola zisanu ndi ziwiri, zofewa ngati phala, zitayamba kale kunyowetsa zinzake. Sabata imodzi yokha thumba lonse likanapita. Ndinatola imodzi n'kuifikitsa pamphuno, osamva kanthu.

Ndinamufunsa kuti fungo layamba liti kumuvutitsa chonchi. Anati masabata atatu apitawa, ndipo si mbatatesi yokha, ngakhale sopo, ngakhale lubani uja. Ankayankha akuyang'ana pansi, chala cha kuphazi chikukanda dothi. Sindinafunsenso zambiri, mwanayu ndi wamanyazi. Koma ndinakumbukira kuti mphuno yanga yotchukayo inayamba ndili ndi pakati pa Mandla.

Ndinamubweretsera mpando, ndinauika panja pomwe pakuwomba mphepo.

“Khalani apa, apongozi. Kuyambira lero musanyamulenso cholemera. Inu muzingoloza.”

Matumba atatu otsalawo ndawakokera panja ndekha, kupumira kawiri. Iye wanunkhiza ali patali, akuti onse ali bwino.

A Kalisto pochokera kudimba andifunsa chomwe ndikumwetulira ndekhandekha. Ndawauza kuti ndi mbatatesi.